Lamba amene ndinadula ndekha

Pa phewa langa lakumanja pali kachipsera, sikakakulu ayi, mwina ngati chikhadabo basi, koma ndikakakhudza posamba ndimangoona njira ya Skyline ija yokwerera phiri la Mulanje, miyala, thukuta, ndi mtima uja wofuna kungokhala pansi n'kuwauza anzanga kuti pitani ine ndabwerera. Sindinagwe. Chinandipweteka ndi chikwama changa chomwe, chimene ndinagula ndi ndalama zanga n'kuchikonza ndi manja angawa. Papita nthawi koma nkhaniyi ikumandibwererabe, makamaka ndikaona munthu pa gulu lathu la WhatsApp akufunsa kuti abale chikwama chokwerera phiri chotchipa chimapezeka kuti. Ndimafuna ndimuyankhe zambiri koma pa foni sizikwana, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

## Ku Limbe m'mamawa

Unali mwezi wa June 2024. Anzanga atatu akuntchito anapangana zokwera Mulanje, masiku anayi, kugona m'tinyumba ta m'phirimo ku Chambe kenako ku Chisepo, nyengo ikalola tikaponde pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya phirilo. Ine ndinakulira mu Blantyre momuno, phirilo ndaliona kambirimbiri pawindo la minibasi, koma kukwera ndinali ndisanakwerepo, kupatula pa Dziwe la Nkhalamba pomwe tinapita ndi sukulu kalekale. Ndinavomera msangamsanga ndisanaganize n'komwe kuti katundu ndikanyamulira muchiyani.

Nditayamba kuyang'ana mitengo ndinagwa mphwayi. Zikwama zodziwika zija, za Osprey kaya Deuter, kunja zimagulitsidwa madola oposa 150, zina kudutsa 200, ndipo apa n'kuti kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, nonse mukukumbuka momwe zinthu zinalili. Msuweni wanga wa ku Joni anati atha kundigulira cha K-Way ku Cape Union Mart n'kutumiza pa basi, koma titawerengetsa ma rand aja kuphatikiza yotumizira inakwana lendi yanga ya mwezi wathunthu n'kupitirirapo. Ndinamuthokoza ndithu, koma ayi. Kunatsala kaunjika basi.

Pali mnyamata wina ku Limbe amene ndimagulako zikwama za sukulu za ana a achemwali anga, ndinamuuza kuti ukatsegula belo undiimbire. Anaimba Lachisanu madzulo, Loweruka 6 koloko ndinali nditafika kale. Zambiri m'belo muja zinali za sukulu ndi za laputopu, zokwerera phiri zinalimo zitatu zokha. Choyamba chinali chokongola kwambiri, chofiira, koma nditachitembenuza mkati munali momata ngati uchi, kumasupuka tizidutswa toyera, ndi fungo lonyansa ngati la masanzi. Kamphira kopyapyala kamene amapaka mkati kuti madzi asalowe kamaola chikwama chikakalamba, makamaka chikakhalitsa pachinyontho, ndipo kakayamba kumata choncho tizidutswa take timakakamira pa zovala zonse. Ndinachisiya. Chachiwiri zipi yaikulu inali itathothoka mano. Chachitatu chinali chobiriwira mofuwirira, dzina la kampani litafufutika, pansi atalemba 40 L, kutanthauza malita 40, nsalu yopepuka koma yosabooka paliponse, mazipi ake olembedwa YKK, kampani yodziwika ya mazipi, onse akuyenda bwinobwino. Vuto linali limodzi: kotsekera kapulasitiki ka lamba wa m'chiuno kanali kothyoka dzino limodzi, sikamagwira.

Anayamba ndi K25,000. Ndinamuonetsa kotsekera kaja, tinakokanakokana, anathera pa K17,000 n'kundiuza kuti bigi mwandipha. Ndinapita kunyumba ndikumva bwino kwambiri.

## Lezala

Masabata amenewo ndinkaonera kwambiri mavidiyo pa YouTube a anthu a ku America amene amayenda miyezi m'mapiri, njira ngati Appalachian Trail ndi Pacific Crest Trail. Pali gulu lina pakati pawo limene nkhani yawo yonse ndi kupepuka kwa katundu. Amati katundu yense, osawerengera chakudya ndi madzi, asapose mapaundi 10, omwe ndi makilo 4 ndi theka. Amadula mpaka chigwiriro cha mswachi. Zikwama zawo zambiri zilibe chitsulo kumsana, zina zilibe ngakhale lamba wa m'chiuno, ndi thumba chabe la malamba awiri a m'mapewa. Ndinkawaona akuthamanga nazo ngati sananyamule kanthu ndipo ndinakopeka zenizeni.

Ndiye usiku wina ndinakhala pa mkeka ndi lezala. Ndinayamba ndi chivindikiro chapamwamba chokhala ndi kathumba, ndinachisomola. Kansalu kogawa mkati pawiri, ndinachotsa. Timalamba tambirimbiri tolendewera m'mbali, ndinadula. Kumsana kunali kathumba kobisika, nditatsegula ndinapezamo chipulasitiki chosalala ndi kachitsulo kamodzi kopepuka kopindika pang'ono, ndinazisolola. Kenako ndinafika pa lamba wa m'chiuno uja. Anali wonenepa, wa siponji yambiri, kotsekera kake kothyoka kale, ndinati uyu ntchito yake ndi chiyani, anthu aja sakhala naye. Ndinamudula mbali zonse ziwiri, mwaukhondo ndithu, kutsatira ulusi.

M'mawa ndinapita nacho kwa mayi ena apafupi amene amagulitsa mtedza ndipo ali ndi kasikelo kamanambala kokoleka. Ndisanachikhudze chinkalemera kilo imodzi ndi magalamu 300. Tsopano chinali magalamu 800. Theka la kilo lachoka, ndinajambula sikeloyo n'kutumiza pagulu.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti anthu a m'mavidiyo aja amayamba apepukitsa za mkati, chikwama chimabwera pomaliza. Chogonera chawo n'cha nthenga, chosakwana kilo. Ine chogonera changa linali bulangeti lakunyumba lija lolemera. Ndinalongedzamo bulangetilo, jekete, majuzi awiri, jinzi yosinthira, poto, mbale, mpunga, soya pieces, shuga, buledi, tochi, kamatiresi kopinda kobwereka komwe ndinamangirira kunja, ndi madzi malita awiri, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo yathunthu. Tsiku lonyamuka sikelo yomwe ija inati makilo 14. Ine ndimalemera 63.

## Pa Skyline

Tinakwera minibasi ku Limbe, kutsika pa Chitakale, kenako njinga zamoto mpaka ku Likhubula. Pa ofesi ya za nkhalango tinalembetsa, tinalipira, tinapeza wotiperekeza, bambo wina wamfupi wazaka mwina makumi anayi ndi zisanu, wosalankhulalankhula, ndi mnyamata mmodzi wonyamula katundu amene tinasonkherana kuti atenge chakudya china cha gulu. Zikwama zathu aliyense ananyamula yekha. Bambo aja anayang'ana changa, anachikweza ndi dzanja limodzi, anachitembenuza kumsana n'kuyang'ana pomwe panali lamba paja, zingwe zikuonekerabe. Sanayankhule. Anangondipatsa.

Ola loyamba zinali bwino. Amene munakwerapo Skyline mukudziwa kuti njira ija ilibe chisoni, imangokwera basi, masitepe a miyala, kukhota, kukweranso, ndipo dzuwa la June ngakhale kumazizira limaotcha ukamakwera. Litadutsa ola loyamba mapewa anayamba kutentha. Ndinkalowetsa zala zamanthu pansi pa malamba kuti ndipumitse, ndikatopa ndimachotsa. Chikwama chija popeza ndinachichotsa chipulasitiki ndi kachitsulo chinafufuma ngati mpira, chinangoti bulunga, n'kumalendewera kumatako, poto akundigogoda pa fupa la msana sitepe iliyonse. Ndikaweramira kutsogolo kuti ndikwere mwala icho chimandikokera kumbuyo. Ndikakhota kumanja icho chimapita kumanzere. Kenako zala za dzanja lamanja zinayamba dzanzi, ndinkakunga chibakera n'kutambasula koma osamva bwinobwino.

Sindinauze munthu. Ndinkangotsalira, anzanga akandidikira ndimati ndikujambula. Mumtima ndinali nditayamba kuganiza kuti mwina phiri si la anthu ngati ine, mwina thupi langa ndi lofooka, mwinanso zimenezi n'za azungu ndi anthu a ndalama amene amabwera ndi katundu wa m'sitolo. Maganizo amenewo ndi amene amandiwawa kwambiri ndikakumbuka, kuposa phewalo, chifukwa ndinatsala pang'ono kuwakhulupirira.

Tili pamalo ena pomwe ukacheuka umaona minda ya kumunsi yonse ili yala, ndinamva kuti thee kumbuyo kwa khutu lakumanja. Lamba wa paphewa anayamba kusomoka pamwamba pomwe analumikizidwa. Sanaduke yense, koma theka la ulusi linali litapita. Ndinatula chikwama n'kukhala pamwala, ndipo mnzanga wamkazi, yekhayo pagulu lathu, ndi amene anaona kuti tisheti yanga yamata magazi paphewa. Khungu linali litasupuka.

Bambo aja anabwerera kuchokera kutsogolo. Anagwada, anamasula chikwama, anayamba kutulutsa chilichonse n'kumayala pamwala osandifunsa. Bulangeti, poto, shuga, zonse poyera. Kenako anafunsa.

"Achimwene, lamba wa apa anapita kuti?"

"Ndinadula bambo, ndimafuna chipepuke."

Anagwedeza mutu pang'ono, osati monyoza ayi, ngati munthu amene waziwonapo kale. Anatembenukira kwa mnzanga uja.

"Achemwali, muli ndi chitenje?"

Anali nacho. Bambo aja anamasula kamatiresi kaja kunja komwe ndinakamangirira, anakapinda kanayi n'kukalowetsa mkati mwa chikwama mbali ya kumsana, kukhala ngati khoma. Bulangeti analipinda molimba n'kuliponda pansi penipeni. Mpunga, shuga ndi mabotolo a madzi anaziika pakati, zitatsamira kamatiresi kaja, kufupi ndi msana. Majuzi analowetsa mu poto n'kumuika kunja kwake, kutali ndi msana, zotsala zopepuka pamwamba. Anakoka zingwe zimene ndinasiyako mpaka chikwama chinaphwa mimba n'kuima chilili. Pamene lamba anasomoka anamangapo linya lomwe anatulutsa m'thumba la buluku lake. Atatha anandiuza ndiime, anandiberekesa, anachikankhira m'mwamba ndi bondo lake, ndipo mnzanga uja anazunguliza chitenje pansi pa chikwama n'kudzamanga pamimba panga, pamwamba pa mafupa a m'chiuno, mfundo yolimba.

"Munaonapo mayi atabereka mwana akulendewera kumatako?" anatero bambo aja akukoka mfundoyo. "Mwana amakhala pamwamba, atamatirira. Akalendewera mayi safika kumunda."

Nditaponda sitepe yoyamba ndinadabwa. Makilo anali omwewo, palibe chimene tinataya, ngakhale supuni. Koma mapewa anapepukidwa ngati wina wandilandira. Kulemera kunatsikira m'chiuno ndi m'miyendo, komwe kuli mphamvu. Mphindi zochepa zala zinayamba kumva. Ndinayenda kuchokera pamenepo mpaka ku Chambe nditamanga chitenje cha maluwa achikasu, ndipo sindinatsalirenso.

Ndinakulira pamsana pa amayi anga, ndaona azichemwali anga akubereka ana, ndaona amayi akutsika phiri lomwelo nkhuni pamutu mwana kumbuyo. Nzeru imeneyi inali pamaso panga moyo wanga wonse, koma pokonza chikwama ndinakamvera anthu a kutsidya kwa nyanja amene katundu wawo, nyengo yawo ndi matumba awo n'zosiyana ndi zanga. Iwowo sananame ayi, chikwama chopanda lamba chimayendadi ngati mkati muli makilo 7 kapena 8. Ine ndinatengako theka la nkhani yawo.

## Usiku ku Chambe

Kanyumba ka ku Chambe tinafikako dzuwa likupendeka, chiphiri cha Chambe chija chili njo patsogolo pathu. Alonda anatikolezera moto, tinaphika. Kunazizira koopsa, bulangeti lija apa ndiye linandithandiza, sindilinyoza. Titadya bambo aja anaitanitsa chikwama chija. Anali ndi singano yaikulu yokhota kunsonga ngati ya osoka nsapato, ndipo anakhala pafupi ndi moto n'kusoka lamba wa paphewa uja ndi linya, ine ndikuwaunikira ndi tochi.

Akusoka anandifotokozera chifukwa chake anasomoka. Chikwama chikakhala ndi lamba wa m'chiuno, malamba a m'mapewa ntchito yawo yaikulu ndi kuchigwira kuti chisagwere kumbuyo, katundu weniweni amakhala m'chiuno. Ndiye opanga sawasoka kuti anyamule zonse okha. Ine nditadula wa m'chiuno, makilo 14 onse anakolekeka pa timizere tiwiri ta ulusi, ndipo sitepe iliyonse chikwama chimadumpha n'kukoka. Kachitsulo kaja ndinataya nako ntchito yake inali kutenga kulemera kuchoka pamwamba kukakutula pa lamba, popanda iko chikwama chimangopindika pakati.

Ndinawafunsa ngati ndingogula china. Anachitembenuza, anakoka nsalu, anayesa zipi.

"Ichi n'chabwino. Nsalu yake ikadali ndi moyo. Mungochibwezera zimene munachilanda."

Pa Sapitwa ulendo umenewo sitinafike. Tinagona ku Chisepo, m'mawa kunacha ndi chiperoni, nkhungu yoti munthu ali apo osamuona, miyala yonse yonyowa. Bambo aja anakana kwamtuwagalu, anati kumtunda kuja anthu anasowako, sangatitengere. Palibe anatsutsa. Tinatsika, ine chitenje chili m'chiuno mpaka ku Likhubula.

## Ku Ndirande ndi pakhonde la atelala

Lamba ndinadula uja ndinali nditataya kale kudzala, pamodzi ndi chipulasitiki ndi kachitsulo. Ndiye kunali kuyambira pachiyambi, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri.

Lamba ndinakamupeza ku Ndirande, kwa anyamata ogulitsa zipangizo za galimoto zakale. Lamba wa pampando wa galimoto ndi wotambalala pafupifupi masentimita 5, ndi wofewa pogwira koma sungamudule ndi manja ngakhale utatani, anapangidwira kugwira munthu pangozi. Ndinagula mmodzi K3,000. Kotsekera ndinabwerera kwa mnyamata wa ku Limbe uja, ali ndi mulu wa zikwama zakufa zomwe palibe angagule, ndinasankhamo chimodzi chong'ambika chokhala ndi kotsekera kakakulu kabwinobwino, timalamba ndi tizotsekera ting'onoting'ono, ananditenga K2,000 chonsecho. Ngati mukufuna kukonza chikwama, chikwama chakufa ndiye sitolo yanu ya masipeyala, musachidutse.

Siponji ndi pamene ndikanalakwitsanso. Ndinkafuna kudula ya matiresi akale, koma atelala anandiletsa. Ndi madala ena amene amasoka pakhonde la golosale kwathu kuno, makina awo a Singer opalasa ndi phazi, ndawadziwa kuyambira ndili mwana, mayunifolomu anga ankasoka ndi iwo. Anati siponji ya matiresi imamwa madzi ndi thukuta, ikanyowa imalemera n'kununkha, komanso ikapanikizika imaphwa kukhala ngati palibe. Imafunika yolimba ija ngati ya patapata, yosamwa madzi. Ndinakagula kamatiresi kochitira masewera olimbitsa thupi pa kaunjika, kong'ambika mbali imodzi, motchipa. Tinadulapo zidutswa ziwiri za m'chiuno, ndi china chachikulu chomwe tinapinda pawiri n'kulowetsa m'kathumba ka kumsana kaja m'malo mwa chipulasitiki. Pakati pake tinaikapo chipulasitiki chodula ku chigubu chakale cha malita 20, m'mbali titapala ndi sandipepa kuti chisaboole nsalu. Si kachitsulo kaja ayi, koma chikwama chinaimanso.

Asanasoke chilichonse madala aja anandiyeza. Anandiuza ndiweramitse mutu, anapeza kafupa kotuluka kaja kumunsi kwa khosi, anaika tepi pamenepo n'kutsitsa mpaka pamzere wa pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Ine ndinali nditawerenga kuti opanga zikwama amayeza chomwecho, iwo sanawerengepo, anangoti "nanga diresi timasoka osayeza?" Kutalika kumeneko ndi kumene kumanena kuti lamba akhale pati. Akatsika kwambiri malamba a m'mapewa amayandama, akakwera kwambiri amakufinya mimba m'malo mokhala pa mafupa. Tinayamba tamugwiriza ndi mapini, ndinaikamo matumba a mchenga, ndinazungulira golosale kawiri anthu akundiyang'ana, tinamukweza pang'ono, ndinazunguliranso, kenako ndiye anasoka.

Kasokedwe kake nakonso kali ndi nkhani. Ulusi wa thonje anakana, amati umaola ukanyowanyowa, anagwiritsa wa nayiloni wokhuthala ndi singano ya jinzi, nambala 18. Paliponse pamene lamba akukumana ndi chikwama anaikapo chigamba cha nsalu yolimba mkati, kuti ulusi usamakoke nsalu yopyapyala yokha, chifukwa ikakokedwa imang'ambika motsatira mabowo a singano ngati risiti. Ndipo sanasoke mzere umodzi, anasoka kabokosi n'kudutsitsa X pakati, kenako kubwereza m'mphepete. Nsonga za malamba onse tinazitentha ndi kandulo kuti zisamasomoke. Pamalo awiri pomwe lamba wa galimoto anapindana katatu makina anakana, singano inathyoka, madala anati apa ndi pa wosoka nsapato. Ndinapita nacho pamsika, mnyamata anapasoka pamanja mphindi makumi awiri, K2,000. Linya la bambo a ku Likhubula lija ndinamuuza asalichotse, angosoka pambali pake. Lilipobe.

Tinawonjezeranso zinthu zitatu. Kalamba ka pachifuwa kolumikiza malamba a m'mapewa kuti asamatseguke. Matumba awiri m'mbali a mabotolo, a nsalu yaukonde yochokera ku chikwama chakufa chija, pamwamba pake lasitiki, opendekera kutsogolo kuti ndizitha kusolola botolo ndisanatule katundu. Ndi chingwe cha lasitiki chopingasapingasa kunja chopanirapo jekete yonyowa. Chivindikiro sindinabwezere, pakamwa pake pali chingwe chokoka ndipo madala anasokapo kansalu kophimba kopepuka, basi. Anandilipiritsa K6,000, ndinawapatsa K8,000 chifukwa anataya masana onse pa ine.

Zonse pamodzi, kugula ndi kukonza, sizinapitirire K35,000. Pa sikelo ya mayi a mtedza chinakwana kilo imodzi ndi magalamu 100. Kutanthauza kuti pa theka la kilo ndinkanyadira lija, magalamu 300 anabwerera, ndipo ndi magalamu amene sindingawachotsenso.

## Za madzi

Chimodzi chomwe sichinatheke ndi kuchipanga kuti chisalowe madzi. Bowo lililonse la singano ndi khomo la mvula, ndipo ife tinaboola ambiri. Ndinayesa kupaka kandulo m'misoko, zinathandiza pang'ono chabe. Chimene chimagwira ntchito ndi jumbo yaikulu yokhuthala ya zinyalala, kuiika mkati, kulongedza zonse m'menemo, kupotokola pakamwa n'kupindira pansi. Chikwama chinyowe kunja, zogonera ndi zovala zili gwa. Kandulo uja ntchito yake yabwino ndi pa zipi, ukapakapo imayenda myaa, ndipo ikayamba kutseguka kumbuyo nthawi zambiri si mano ayi, ndi kachitsulo koyenda kaja kamene kakhamuka, umangokafinya pang'ono ndi pulayala.

## Kubwereranso

Ndinabwerera mu August 2025, patangotha mwezi bungwe la UNESCO litalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Anthu anasangalala pa Facebook, inenso ndinasangalala, koma ndinkaganiza za anzanga ambiri obadwira ku Blantyre, ku Thyolo, ngakhale ku Mulanje komweko, amene sanagonepo m'mwamba muja chifukwa amaona ngati pamafunika katundu wa madola. Ndalama zimafunikadi, ya mayendedwe, ya wokuperekeza, ya kanyumba, ndipo onyamula katundu aja ngati mungathe atengeni, ndi ntchito yawo ndipo amaidziwa. Koma chikwama chisakhale chifukwa chokhalira kunyumba.

Ulendo uno ndinayambira mkati. Bulangeti linatsala, ndinapeza sleeping bag pa kaunjika. Jinzi inatsala. Poto tinatenga mmodzi gulu lonse. Madzi ndinanyamula lita imodzi n'kumatungira m'mitsinje ya m'njira momwe wotiperekeza amatiuza. Zonse zinakwana makilo 9. Ndinalongedza momwe ndinaonera pamwala paja, chogonera pansi, zolemera pakati kutsamira msana, zopepuka kunja ndi pamwamba. Ndikabereka ndimayamba kumanga wa m'chiuno, kenako kukoka a m'mapewa, pomaliza ka pachifuwa.

Pa ofesi ndinafunsa za bambo aja, anati akwera ndi alendo ena mbali ya ku Lichenya. Zinandikhudza, ndinkafuna aone. Tinapita ndi wachinyamata wina, nayenso wodziwa ntchito. Tikupuma pa Skyline, pafupi ndi pomwe ndinakhala pa ulendo woyamba uja, anagwira lamba wanga n'kufunsa kuti kodi uyu si wa galimoto. Ndinati ndi yemweyo. Anamukoka, anayang'ana kabokosi ka ulusi kaja, anandifunsa kuti atelalawo ali kuti chifukwa chake nachonso chayamba kusomoka.

Tsiku lachitatu kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Katundu tinasiya ku Chisepo, m'chikwama ndinangotsala ndi madzi, jekete ndi chakudya, ndinakoka zingwe chinaphwa kukhala kakang'ono. Njira ya ku Sapitwa ili ndi malo oti umakwawa ndi manja pamwala wotsetsereka, pena kulowa pansi pa miyala ikuluikulu chokwawa ndi mimba, ndipo chikwama chinali phee pamsana, osagwedera. Pamwamba, mamita 3,002, mphepo ikuomba, ndinakhala pansi osachivula. Potsika thumba lakumanzere la botolo linakodwa pamwala n'kung'ambika, ndi chokhacho chimene chinaonongeka ulendo wonse.

Sabata yatha mwana wa achemwali anga, amene ali ku koleji, anabwera kudzabwereka chikwamachi, akupita ndi anzake ku Zomba kenako akuti Mulanje. Anachibereka ndipo ndinaona pompo kuti malamba a m'mapewa akuyandama, msana wake ndi waufupi kuposa wanga. Loweruka ndinapita naye pakhonde paja. Madala anatulutsa tepi, anamuuza aweramitse mutu, anayeza, analemba nambala pa khoma ndi choko. Akuti aika malo achiwiri olowetsapo lamba pamwamba pa oyambawo, kuti tizitha kumusuntha aliyense akafuna kunyamula, ndipo thumba la botolo lija alisokera limodzi. Tikachitenge Lachitatu.